Mwasintha pulogalamu yotumiza maimelo koma seva sikumva: mmene mungapezere vuto

Dandaulo ili ndalimva kambirimbiri, ndipo limayamba chimodzimodzi. Munthu waika Postfix, pulogalamu yotumiza ndi kulandira maimelo, pa seva, wakonza zonse mosamala, koma maimelo akudutsabe mu pulogalamu yakale, kapena sakutuluka n'komwe. Amathera tsiku lonse akufukula mafayilo a Postfix, chonsecho Postfix ilibe mlandu. Chasokonekera ndi pamene makina amasankhira pulogalamu yoti inyamule maimelo, ndipo malo amenewo ndi ena.

## Makomo ndi awiri

Musanakhudze fayilo iliyonse, gwirani mfundo iyi, chifukwa pafupifupi mavuto onse ali m'munsimu amachokera pomwepa.

Sendmail, imene analemba Eric Allman, inafala pamodzi ndi BSD kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Inalamulira nthawi yaitali moti cron (imene imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika), `mail`, PHP ndi mapulogalamu ena osawerengeka anazolowera kuti akafuna kutumiza uthenga amangoitana `/usr/sbin/sendmail`. Exim itabwera mu 1995 kuchokera kwa Philip Hazel wa ku yunivesite ya Cambridge, ndi Postfix ya Wietse Venema mu 1998, zinayenera kuyankha ku dzina lomwelo, apo ayi palibe akanaziitana. Ndiye lero mukaona `sendmail` pa makina anu, musafulumire kunena kuti muli ndi Sendmail. Dzinalo ndi khomo chabe, ndipo kuseri kwake kukhoza kukhala aliyense.

Limenelo ndi khomo loyamba. Lachiwiri ndi port 25, pamene pulogalamu imakhala tcheru kudikira maimelo obwera pa netiweki. Makomo awiriwa amasinthidwa padera. Mukasintha limodzi, linzakelo silidziwa.

Khomo loyamba limasankhidwa mosiyana malinga ndi makina:

- FreeBSD: `/usr/sbin/sendmail` imaloza ku `mailwrapper`, yomwe imawerenga `mailer.conf` kuti idziwe pulogalamu yeniyeni yoti iyendetse. Pa OpenBSD ndi NetBSD njira ndi yomweyo, kungoti fayilo ndi `/etc/mailer.conf`.
- Red Hat, Fedora, Rocky Linux, AlmaLinux: lamulo la `alternatives` limasunga symlink (fayilo yongoloza ku fayilo ina) pa `/etc/alternatives/mta`.
- Debian ndi Ubuntu: maphukusi otumiza maimelo sakhalira limodzi. Mukaika lina, apt, yomwe imaika maphukusiwo, imachotsa lomwe linalipo.

## Muyambe mwafunsa makinawo

```
readlink -f /usr/sbin/sendmail
printf 'Subject: kuyesa\n\nmoni\n' | /usr/sbin/sendmail -v root
```

Lamulo loyamba likuuzani kumene khomo loyamba likupita. Likathera pa `mailwrapper`, tsegulani `mailer.conf`. Lachiwiri likutumiza uthenga weniweni, ndipo ukafika, mzere wa `Received:` pamwamba pake umatchula amene waunyamula: Postfix, Exim kapena DragonFly Mail Agent (mwachidule dma).

Za khomo lachiwiri, pa Linux lembani `ss -ltnp | grep ':25 '`, pa FreeBSD `sockstat -4 -l -p 25`.

Pa windo lina siyani log yotsegula. Pa FreeBSD ndi Red Hat ndi `/var/log/maillog`, pa Ubuntu ndi `/var/log/mail.log`, ndipo Exim ya pa Debian imalemba mu `/var/log/exim4/mainlog`. Debian 12 yoikidwa chatsopano siibwera ndi rsyslog, choncho mukasowa `mail.log` musadabwe, gwiritsani ntchito `journalctl`.

## Chizindikiro 1: maimelo akudutsabe mu pulogalamu yakale

Ili ndiye vuto lalikulu. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala kwambiri:

1. Mwaika pulogalamu koma simunasinthe khomo loyamba. Kuika phukusi ndi kusankha pulogalamu ndi ntchito ziwiri zosiyana pa FreeBSD ndi Red Hat.

Pa Red Hat:

```
alternatives --display mta
alternatives --set mta /usr/sbin/sendmail.postfix
```

Pa FreeBSD, phukusi la Postfix limabwera ndi fayilo yokonzedwa kale, ndipo ndi bwino kuikopera kusiyana ndi kulemba yanu:

```
install -d /usr/local/etc/mail
install -m 0644 /usr/local/share/postfix/mailer.conf.postfix /usr/local/etc/mail/mailer.conf
```

2. Pali mafayilo awiri a `mailer.conf`, ndipo inu mukusintha amene sakuwerengedwa. Pa FreeBSD, `mailwrapper` imayamba kuyang'ana `/usr/local/etc/mail/mailer.conf`. Ikaipeza imalekera pomwepo, `/etc/mail/mailer.conf` siionedwanso. Ndaonapo munthu akusintha fayilo ya mu `/etc/mail` kasanu, akuyambitsanso seva nthawi iliyonse, pamene fayilo imene mnzake anasiya mu `/usr/local` chaka chatha ndi yomwe ikulamulira. Lembani `ls -l` pa onse awiri. Sankhani imodzi, inayo muichotse kapena muisinthe dzina kuti wobwera pambuyo panu asagwere m'mbuna yomweyo.

3. Pulogalamu yotumizayo siidutsa pa khomo loyamba. Mapulogalamu ambiri a pa webusaiti amalumikiza ku `localhost` pa port 25. Ngati amene akudikira pamenepo ndi wakale, kusintha `mailer.conf` sikuphula kanthu. Onani chizindikiro 3.

4. Wina analemba njira yonse ya pulogalamu yakale. Mu `php.ini`, `sendmail_path` ikhoza kuloza ku `/usr/libexec/sendmail/sendmail` kapena ku msmtp (pulogalamu ina yaing'ono yotumiza maimelo) mwachindunji. Ma script akale nawo amatero. Fufuzani ndi `grep -r sendmail /etc /usr/local/etc`, ndipo paliponse pamene mwapeza njira yachindunji muikepo `/usr/sbin/sendmail`. PHP ikasinthidwa iyenera kuyambitsidwanso.

5. Pali `sendmail` ina imene ikupezeka poyamba mu PATH, mndandanda wa mafoda amene makina amafufuzamo malamulo. Izi sizichitika kawirikawiri, koma `type -a sendmail` ikuonetsani pompopompo.

## Chizindikiro 2: cron yakhala chete, kapena makina akuti `sendmail` kulibe

Kukhala chete kumeneku n'koopsa kuposa uthenga wa vuto, chifukwa ntchito yosunga makope ikhoza kulephera miyezi itatu inu osadziwa.

1. Palibe pulogalamu yotumiza maimelo. Makina ambiri a masiku ano, makamaka a mu cloud ndi ma container, amabwera opanda. Pa Debian ndi Ubuntu, cron imalemba mu log kuti `No MTA installed, discarding output`, kutanthauza kuti zimene inafuna kukutumizirani yangozitaya. Ikani imodzi. Ngati seva imangofunika kutumiza mauthenga ake, dma kapena nullmailer zikwanira, ndipo Postfix nayo imatha kukonzedwa kuti izingotumiza.

2. Munachotsa pulogalamu yakale ndipo symlink yatsala ikuloza poti palibe kanthu. `ls -lL /usr/sbin/sendmail` idandaula. Pa Red Hat, `alternatives --config mta` ikuonetsani zomwe zatsala kuti musankhepo. Pa FreeBSD onani ngati njira iliyonse yolembedwa mu `mailer.conf` ilipodi.

3. `mailer.conf` ikusowa mzere. Fayiloyi ili ndi mzere wa dzina lililonse: `sendmail`, `mailq` (yoonetsa makalata amene akudikira kutumizidwa), `newaliases`. Limodzi likasowa, muona uthenga wa `no mapping in`. Onjezani mzerewo.

4. `mailer.conf` ikuloza ku `/usr/sbin/sendmail`. Apa `mailwrapper` imadziitana yokha mosalekeza, lamulo limangoti zii osabwerera, purosesa n'kutentha. Mbali ya kumanja iyenera kukhala pulogalamu yeniyeni, monga `/usr/libexec/dma` kapena `/usr/local/sbin/sendmail`.

5. Mauthenga akufika, koma m'bokosi limene palibe amatsegula. Yang'anani `/var/mail/root`. Mukapezamo mauthenga a zaka ziwiri, kutumiza kulibe vuto, chasowa ndi mzere wa `root:` mu fayilo ya aliases, imene imanena kumene maimelo a dzina lililonse ayenera kupita. Onaninso `MAILTO` mu crontab, chifukwa ikakhala yopanda kanthu cron siitumiza.

Chenjezo kwa okonda msmtp. Ndi pulogalamu yabwino, koma payokha ilibe mzere wodikirira, pamene makalata amasungidwa mpaka atatumizidwa. Intaneti ikaduka pa mphindi imene cron ikutumiza, uthengawo wapita. Siiikanso maimelo m'mabokosi a pa makina omwewo, ndipo siiwerenga aliases pokhapokha mutailembera mzere wa `aliases /etc/aliases`. Pa laputopu ndi yokwanira. Pa seva imene mukudalira kuti ikuchenjezeni diski ikamafa, ine ndimasankha yokhala ndi mzere wodikirira.

## Chizindikiro 3: pulogalamu yatsopano ikukana kuyamba

Mu log ya Postfix muona `fatal: bind 0.0.0.0 port 25: Address already in use`. Mpando uli ndi mwini kale.

1. Yakale ikuyendabe. Pa Linux:

```
systemctl disable --now sendmail
systemctl enable --now postfix
```

`stop` yokha imathandiza lero lokha. Makina akadzayambanso, ziwirizo zidzalimbirana port, ndipo yopambana lero siingakhale yopambana mawa. N'chifukwa chake ena amati vutoli "limabwera nthawi zina".

2. Pa FreeBSD mwazimitsa mbali imodzi yokha ya Sendmail. Apa ambiri amapusitsika. `sendmail_enable="NO"` siizimitsa Sendmail yonse. Imangoletsa kulandira maimelo akunja, koma mbali ina imakhalabe ikudikira pa port 25 ya `localhost`. Mu `/etc/rc.conf` mufunika mizere yonseyi:

```
sendmail_enable="NO"
sendmail_submit_enable="NO"
sendmail_outbound_enable="NO"
sendmail_msp_queue_enable="NO"
postfix_enable="YES"
```

Imitsani Sendmail ndi `service sendmail onestop` musanayambitse Postfix. Ndi bwinonso kuzimitsa ntchito za tsiku ndi tsiku zimene zimayembekezera Sendmail, mu `/etc/periodic.conf`:

```
daily_clean_hoststat_enable="NO"
daily_status_mail_rejects_enable="NO"
daily_status_include_submit_mailq="NO"
daily_submit_queuerun="NO"
```

Mukapanda kutero, lipoti la usiku uliwonse lidzadzaza ndi madandaulo opanda pake, ndipo posakhalitsa mudzasiya kuliwerenga.

3. Container kapena pulogalamu yosefa maimelo yatenga port. `ss` kapena `sockstat` itchula dzina lake.

Palinso vuto lotembenuka: pa port 25 palibe aliyense, ndipo pulogalamu yanu ikuti `Connection refused`. Ngati mwasamukira ku dma, si kuwonongeka ayi. dma siidikira pa port iliyonse, inapangidwa choncho. Uzani pulogalamuyo kuti iziitana `/usr/sbin/sendmail`, kapena ikani Postfix yokhala ndi `inet_interfaces = loopback-only`.

## Chizindikiro 4: `mailq` ikuti mulibe kanthu koma maimelo sanafike

1. Maimelo atsala mu mzere wa pulogalamu yakale. Iliyonse ili ndi nkhokwe yake ndi kalembedwe kake, ndipo siziwerengerana:

- Sendmail: `/var/spool/mqueue` ndi `/var/spool/clientmqueue`
- Postfix: `/var/spool/postfix`
- Exim pa Debian: `/var/spool/exim4/input`
- dma: `/var/spool/dma`

Mukasintha khomo, `mailq` imayamba kuonetsa mzere watsopano, wakalewo n'kuiwalika ndi makalata ake. Kukopera mafayilo kuchoka ku nkhokwe ina kupita ku ina sikuthandiza, musayesere. Itanani pulogalamu yakale ndi njira yake yonse kuti imalize ntchito yake. Pa FreeBSD:

```
/usr/libexec/sendmail/sendmail -bp
/usr/libexec/sendmail/sendmail -q
/usr/libexec/sendmail/sendmail -Ac -q
```

Mzere wachitatu ndi wa `clientmqueue`, umene anthu amauiwala. Pa Red Hat njira ndi `/usr/sbin/sendmail.sendmail`. Pa Debian samalani kwambiri, chifukwa kuika Postfix kumachotsa Exim, ndiye palibenso wotulutsa zotsalazo. Musanasinthe, werengani ndi `exim4 -bpc`, tulutsani ndi `exim4 -qff`, ndipo dikirani mpaka nambala ifike pa 0.

2. `mailq` ndi `sendmail` zikuloza kosiyana. Zimachitika munthu akasintha mzere umodzi wokha mu `mailer.conf`, kapena akakonza symlink ndi manja m'malo mogwiritsa ntchito `alternatives`, yomwe imasintha mayina onse pamodzi.

3. Uthenga unatuluka, wakanidwa kutsogolo. Log inena `bounced` kapena `deferred`. Pitani ku chizindikiro 7.

## Chizindikiro 5: mwasintha aliases koma palibe chasintha

1. Simunayendetse `newaliases`. Sendmail ndi Postfix zimawerenga fayilo yopangidwa kuchokera ku imene mwalembayo. Exim ya pa Debian ndi dma zimawerenga yolembedwayo mwachindunji.
2. `newaliases` imene mwayendetsa ndi ya pulogalamu yakale. Konzani monga pa chizindikiro 4.
3. Pali `/etc/aliases` ndi `/etc/mail/aliases`, ndipo si fayilo imodzi. `postconf alias_maps alias_database` ikuuzani imene Postfix ikuwerenga.
4. Postfix siikuona adiresiyo ngati ya pa makina omwewo. Aliases amagwira ntchito pa madomeni olembedwa mu `mydestination` okha.

## Chizindikiro 6: root akutha kutumiza, ena ayi

1. SELinux, mbali ya chitetezo cha makina, yatseka seva ya webusaiti. Pa makina a banja la Red Hat ichi ndiye choyamba kuona. `getsebool httpd_can_sendmail` ikati `off`, lembani `setsebool -P httpd_can_sendmail on`. Musazimitse SELinux yonse chifukwa cha imelo imodzi.

2. Zilolezo za Postfix zasokonekera. Log imatchula `postdrop` (mbali ya Postfix imene imaika uthenga mu nkhokwe) ndi `Permission denied`. Zimachitika mukakopera mafayilo kuchokera ku makina ena kapena wina akayendetsa `chmod -R` mosasamala. `postfix check` ionetsa cholakwika, `postfix set-permissions` ikonza.

3. systemd yamanga manja a pulogalamu yotumizayo. `postdrop` imadalira setgid (chilolezo chogwira ntchito ndi mphamvu za gulu lake) kuti ilembe mu nkhokwe. Ntchito yokhala ndi `NoNewPrivileges=true` siiloledwa kupeza mphamvu imeneyo, ndipo zilolezo zikhoza kuoneka zabwinobwino pamene uthenga ukukanidwa. Njira yoyera ndi kuuza pulogalamuyo kuti izitumiza kudzera pa `localhost` port 25, m'malo momasula chitetezo. Diski yolumikizidwa ndi `nosuid` imabweretsa vuto lofanana.

4. Pulogalamuyo ili mu chroot kapena container, malo otsekeredwa paokha, momwe `/usr/sbin/sendmail` ya makina akulu siioneka. Yankho ndi lomwelo: itumize pa netiweki.

Mungakumane ndi malangizo akuti muike `chmod 777` pa nkhokwe ya maimelo. Musatero. Mukatero aliyense wolowa pa makinawo angathe kuwerenga ndi kusintha makalata a anzake.

## Chizindikiro 7: pulogalamu yoyenera yanyamula, koma kunja sakufika

Apa kusankha kwatheka, vuto lili pa msewu. Ndalembapo chifukwa limaonekera nthawi yomwe mwasintha, ndiye anthu amabwerera ku pulogalamu yakale poganiza kuti yatsopano ndi yoipa.

1. Munaiwala kusamutsa seva yodutsirapo. Pulogalamu yakale inkapereka maimelo onse kwa seva ina, yatsopano ikuyesa kupita yokha. Mu Sendmail yang'anani `SMART_HOST`, mu Exim ya Debian `dc_smarthost`. Zimenezo zilembeni mu `relayhost` ya Postfix kapena `SMARTHOST` ya mu `dma.conf`, pamodzi ndi dzina ndi mawu achinsinsi olowera.

2. Port 25 yotulukira ndi yotseka. Log imati `Connection timed out`. Google Cloud imatseka port imeneyi, Amazon EC2 imailetsa mpaka mutapempha, ndipo makampani ambiri opereka intaneti ya kunyumba amachita chimodzimodzi pofuna kuchepetsa spam. Dutsirani pa port 587 ya seva imene muli ndi akaunti.

3. Dzina la wotumiza ndi losadziwika. Uthenga wochokera kwa `root@localhost` kapena kwa dzina losapezeka mu DNS umakanidwa. Onani `hostname -f`, ndi `myhostname` ndi `myorigin` mu Postfix.

4. SPF, DKIM kapena PTR, njira zotsimikizira amene watumiza uthenga, palibe. Kuyambira February 2024, Gmail imafuna kuti wotumiza aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo otumiza mauthenga oposa 5,000 pa tsiku ku ma adiresi a Gmail akhale ndi zonse ziwiri kuphatikizapo DMARC, lamulo lonena chochita ndi uthenga umene walephera kutsimikizika. Ngati pulogalamu yakale ndi imene inkasaina DKIM, kusainako sikusamuka kokha.

## Chizindikiro 8: zonse zinali bwino mpaka munakweza makina

1. FreeBSD 14. Kuyambira pa 14.0, yomwe inatuluka mu November 2023, pulogalamu yobwera yosankhidwa kale ndi dma, osati Sendmail. Ngati munkadalira Sendmail osalembapo chilichonse, kukwezako kukhoza kusintha `/etc/mail/mailer.conf` ndipo seva n'kusiya kulandira maimelo. Sendmail ikadalipo mu `/usr/libexec/sendmail/sendmail`. Lozetsani `mailer.conf` kumeneko ndi kuiyatsa poyera mu `rc.conf`. Kusunga chisankho chanu mu `/usr/local/etc/mail/mailer.conf` kumachiteteza, chifukwa kukweza makina sikukhudza foda imeneyo.

2. `alternatives` ili pa auto. Ikakhala choncho imasankha pulogalamu yokhala ndi nambala ya `priority` yaikulu, ndiye phukusi latsopano likhoza kulanda khomo. `--display` imanena ngati ili pa auto kapena manual, ndipo `--set` imaikhazika pa manual.

3. apt inasinthanitsa mapulogalamu inu mukuvomera. Mzere wa `The following packages will be REMOVED` uziwerengedwa. `/var/log/apt/history.log` ikuonetsani tsiku limene zinachitika.

4. Munakonza symlink ndi manja. Phukusi likakwezedwa limabwezeretsa yake. Gwiritsani ntchito njira imene makinawo anakonza.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana katswiri

Zonse zili pamwambazi munthu wosamala angazichite yekha pa seva yongotumiza mauthenga ake. Koma chotsani manja pa kiyibodi mukaona chimodzi mwa izi:

- Mu mzere muli mauthenga mazana kapena masauzande amene simunatumize. Mwina webusaiti yathyoledwa, mwina mawu achinsinsi abedwa, mwinanso seva ikulola aliyense kudutsitsapo maimelo. Imitsani pulogalamu yotumiza, koma musafufute mzerewo ndi `postsuper -d ALL`. Mafayilo amenewo ndi umboni wa pomwe wakuba analowera, ndipo pakati pake pakhoza kukhala makalata enieni a anthu anu.
- Seva imalandira maimelo a anthu. Kusintha pulogalamu apa kumakhudza madomeni, mabokosi, zosefa ndi ziphaso za TLS. Cholakwika chimodzi chimabweza makalata ndi nambala ya yankho la seva yoyamba ndi 5, ndipo wotumiza sayesanso. Yoyamba ndi 4 imapatsa mpata, chifukwa seva yakutali imayesabe kwa masiku angapo.
- Mabokosi akale ndi a mbox (makalata onse mu fayilo imodzi), atsopano ndi a Maildir (kalata iliyonse fayilo yake), kapena mosinthanitsa. Anthu adzatsegula n'kupeza mopanda kanthu, ndipo kuphatikiza ziwirizo pambuyo pake ndi ntchito yofuna luso.
- `sendmail.cf` inalembedwa ndi manja ndipo fayilo ya `.mc`, imene `sendmail.cf` imapangidwa kuchokerako, kulibe. Mkati mwake mukhoza kukhala malamulo amene bungwe lonse likudalira, ngakhale palibe akuwakumbukira.
- Adiresi ya seva yalowa pa mndandanda wa otsekedwa, monga wa Spamhaus. Kupempha kuti ichotsedwe gwero lisanapezeke kumangoibwezera pomwepo.
- Bungwe lanu lili ndi udindo wosunga makalata pa zifukwa za malamulo kapena za chinsinsi cha odwala ndi makasitomala.

Poyembekezera katswiriyo, mukonzereni izi: zotsatira za `readlink` ndi `ss` kapena `sockstat`, makope a `mailer.conf` onse awiri kapena zotsatira za `alternatives --display mta`, mizere 200 yomaliza ya log, ndi mndandanda wa zimene mwasintha motsatana ndi nthawi yake. Mawu achinsinsi a mu `sasl_passwd`, `auth.conf` kapena `msmtprc` muwafufute pa makopewo musanatumize.